Malangizo: Galu ndi Mphaka Pakhomo

Lero tikambe za galu wotilondera usiku ndi mphaka wotithamangitsira makoswe kunkhokwe.

Nkhani yaikulu ndi chiwewe. Kagalu kakakwanitsa miyezi itatu, pitani nako kwa alangizi a ziweto kakalandire katemera, kenako muzibwereza chaka ndi chaka. Mphaka nayenso abayidwe, chifukwa chiwewe chimamugwira. Ku Blantyre, bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu kwaulere kuyambira 2015. Mukamva kuti afika kwanuko, musazengereze. Ndikutsindika apa chifukwa munthu akangoyamba kuonetsa zizindikiro za chiwewe, nthawi yomupulumutsa imakhala itatha. Mwana akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Musathirepo phulusa kapena mchere, komanso musadikire kuti muone ngati galuyo achite misala.

Madzulo muzifufuza m'makutu mwa galu ndi pakati pa zala zake. Nkhupakupa zimabisala mmenemo, zitakhuta magazi ngati nsatsi. Mukapeza nkhupakupa, igwireni pafupi ndi khungu n'kuizula pang'onopang'ono, osaifinya.

Mphaka akadwala, chonde, musamupatse Panado. Ngakhale piritsi limodzi likhoza kumupha. Mafupa a nkhuku yophika amasweka n'kubaya matumbo a galu, ndiye akwirireni. M'nyengo yotentha, ikani mbale ya madzi pamthunzi ndipo muzisintha madziwo tsiku lililonse.