Salazani puloti musanadandaule za madzi

Achinyamata amene mwangolandira puloti kusikimu, kaya ku Domasi, ku Limphasa kapena ku Bwanje Valley kumene mahekitala 800 amadalira mtsinje wa Namikokwe, ntchito yoyamba ndi kusalaza nthaka. Ambiri mumathamangira nazale ndi feteleza, kenako mumakangana ndi a komiti kuti madzi sakukwana, chonsecho akutayikira m'puloti mwanu momwe.

Mpunga ukawokeredwa umafuna madzi akuya masentimita 5 mpaka 10. Tsono ngati ngodya imodzi ya puloti yakwera ndi masentimita 10 kuposa inzake, mudzatani? Mukathira oyenera kumunsi, kumtunda kumakhala kouma, nthaka imang'aluka, udzu n'kumera mothinana chifukwa chimene chimaupha ndi madzi. Mukafuna kuti afike kumtundako, kumunsi mbande zimamira, ndipo zopulumuka sizichita ana ambiri. Urea amene munagula modula amasungunuka n'kutsetserekera kudzenje. Pokolola mudzaona mbali ina ngala zacha, mbalame zayamba kale, pamene mbali ina zikadali zaziwisi. Ndipo madzi owonjezera aja mwalanda mnzanu wa kumapeto kwa ngalande, amene tsiku lake lothirira limatha asanaone dontho. Zimenezi zimandipweteka mtima kwambiri, chifukwa iye sanalakwe chilichonse.

Simufunika makina. Mukalima ndi kuphwanya zibuma, lowetsani madzi pang'ono chabe, muime pamgula n'kuyang'ana. Pamene pakuonekera dothi ngati tizilumba ndi pokwera. Pamene madzi afika m'kakolo ndi potsika. Kokani matope ndi khasu kuchoka pokwera kupita potsika, kenako mudutsitse thabwa lalitali lomangidwa chingwe, awiri mukukoka, mpaka madzi agone mofanana paliponse. Ngati muyenera kukumba kwambiri, yambani mwaika padera dothi lapamwamba lachonde, mudzalibwezere mukamaliza. Mukapanda kutero mbewu zidzakhala zachikasu pamalopo kwa nyengo zingapo. Malo akakhala otsetsereka kwambiri, musalimbane nawo: agaweni m'timapuloti ting'onoting'ono, kalikonse ndi migula yake.

A chimanga cha mthirira, inunso izi zikukukhudzani. Mzere wokhala ndi chitunda pakati umaimitsa madzi, mbewu za kumapeto n'kufota.

Msana umawawa, sindikukana, ndipo kulima kwa chaka chilichonse kumasokoneza zina mwa zimene munakonza. Choncho nyengo iliyonse, mbande zisanachoke kunazale, lowetsani madzi muonenso puloti yanu.