Bwanamkubwa Ankayankha kwa Yani? Mafunso ndi Mayankho Kuchokera ku Chowe

Wowulutsa: Lero tawoloka Shire, tasiya tauni ya Mangochi m'munsimu, ndipo tikulankhula nanu kuchokera kuno ku Chowe, pa msewu wokwera ku Namwera. Makalata amene mwatitumizira ndi okhudza azibwanamkubwa amene ankalamulira dziko lino. Ndili ndi aphunzitsi athu a mbiri yakale. Takulandirani aphunzitsi.

Aphunzitsi: Zikomo bambo. Moni kwa mafumu ndi anthu onse a kuno kunyanja. Nkhani ya lero ndi yanu, chifukwa zambiri zimene tikambe zinachitikira pakhomo panu pompano.

Wowulutsa: Kalata yoyamba yachokera kwa mphunzitsi wa pulayimale wa kuno ku Chowe. Akuti, "Ana anga amandifunsa kuti bwanamkubwa woyamba anali yani, nanga n'chifukwa chiyani agogo awo amatchulabe Mangochi kuti Fort Johnston?"

Aphunzitsi: Mafunso awiriwa ali ndi muzu umodzi. Mu 1891 dziko la Britain linalengeza kuti dera lino lili pansi pa chitetezo chake, ndipo linatuma Harry Johnston kudzalamulira. Pa mapepala udindo wake unali Commissioner, koma ntchito yake inali ya bwanamkubwa ndithu. Likulu lake linali ku Zomba. Ndalama zoyendetsera boma poyamba zinkachokera ku kampani ya Cecil Rhodes, mapaundi 10,000 pa chaka, ndipo asilikali ake oyamba anali Amwenye pafupifupi 70, ambiri a iwo Asikh.

Chaka chomwecho Johnston anafika kwa Mponda, pamene Shire amatuluka m'nyanja, n'kumanga linga. Malowa anawafuna chifukwa amene wagwira khomo la Shire wagwira njira yonse ya sitima zopita kumpoto. Lingalo linapatsidwa dzina lake, Fort Johnston, ndipo tauni ndi boma lonse zinatengera dzinalo mpaka pambuyo pa ufulu, pamene linasinthidwa kukhala Mangochi.

Johnston anachoka mu 1896, ndipo m'malo mwake analowa Alfred Sharpe, yemwe poyamba anabwera kuno ngati mlenje wa njovu. Mu 1907 dziko linapatsidwa dzina loti Nyasaland, ndipo udindo wa Governor unayambira pamenepo. Choncho muwauze anawo kuti wolamulira woyamba wachitsamunda anali Johnston, koma woyamba kutchedwa Governor anali Sharpe.

Wowulutsa: Agogo ena a ku Namwera alembetsa kudzera mwa mdzukulu wawo. Akufunsa kuti, "Kodi mafumu athu, a Jalasi, a Makanjira ndi a Mponda, anangomulandira Johnston ndi manja awiri?"

Aphunzitsi: Ayi agogo, sanamulandire. Kuno kunyanja boma linalowa ndi mfuti, ndipo zinatenga zaka zinayi. Mponda anamenyedwa mu 1891. Mu Disembala chaka chomwecho mkulu wa asilikali a Johnston, Captain Cecil Maguire, anaphedwa pamene ankaononga zombo za Makanjira, ndipo linga limene linadzamangidwa kumeneko linatchedwa Fort Maguire. Mu 1892 ankhondo a Jalasi anapitikitsa asilikali a boma amene anakwera phiri la Mangochi, n'kuwalanda mzinga. Jalasi anagonja mu 1895, chaka chimene mphamvu za Makanjira nazonso zinathera. Pa phiripo boma linamanga Fort Mangochi, ndipo makoma ake amiyala alipobe. Dzina limene boma lino likudziwika nalo lero ndi la phiri limenelo.

Nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri, ndipo ndizinena zonse mwaulemu. Mafumuwa ankachita malonda a minyanga ya njovu komanso a akapolo, ndipo anthu ambiri anamangidwa magoli n'kutengedwa ulendo wa ku gombe la Kilwa. Kutha kwa malonda amenewo kunapulumutsa miyoyo. Koma amene anathetsa ukapolo ndi yemweyo anabweretsa msonkho, umene unadzakhazikika pa mashileni 3 pa nyumba. Wosowa ndalama ankayenera kukagwira ntchito kwa azungu, ndipo wothawa msonkho ankamutenthera nyumba. Palibe amene anafunsa anthu a kwa Jalasi kapena a kuno kwa Chowe ngati akuvomera.

Mafumu anadzabwezeredwa mphamvu pang'ono ndi malamulo a 1912 ndi a 1933, amene anawapatsa makhoti ndi udindo wothandiza kutolera msonkho. Komabe pamwamba pa mfumu panali DC, pamwamba pa DC panali bwanamkubwa, ndipo bwanamkubwa ankatha kuchotsa mfumu imene sinamukomere.

Wowulutsa: Pamenepo mwagunda funso la msodzi wa ku Malindi. Iye akuti, "Azibwanamkubwa analipo angati, ankawasankha ndani, nanga akalakwa anthu akanatha kuwachotsa?"

Aphunzitsi: Achimwene, funso lanu ndiye mtima wa nkhani yonse. Kuyambira 1907 mpaka 1964 analipo 12: Alfred Sharpe, William Manning, George Smith, Charles Bowring, Shenton Thomas, Hubert Young, Harold Kittermaster, Donald Mackenzie-Kennedy, Edmund Richards, Geoffrey Colby, Robert Armitage ndi Glyn Jones. Onsewa ankasankhidwa ku London, m'dzina la mfumu ya Britain, kudzera mwa nduna yoona za maiko olamulidwa ndi dzikolo. Malipoti awo ankapita kumeneko, kukwezedwa kwawo kunkachokera kumeneko, ndipo kudzudzulidwa kwawo kunkachokeranso komweko.

Kwa ambiri a iwo Nyasaland anali malo odutsirapo, dziko lakutali, losauka, lopanda migodi. Manning anangokhala zaka ziwiri n'kupita ku Jamaica. Young anakhala zaka ziwiri n'kuwolokera ku Northern Rhodesia, kumene lero ndi Zambia. Thomas anapita ku Gold Coast, kenako ku Singapore, kumene anagwidwa ndi asilikali a Japan mu 1942. Armitage anabwera kuno atachokera ku Cyprus. Kittermaster anamwalira ali pa udindo mu 1939. Akuluakulu amati mlendo ndi mame. Anthu amenewa ankakamuka msanga, koma malamulo amene ankasaina ankatsalira ife.

Nyumba ya Malamulo inalipo kuyambira 1907, koma wapampando anali bwanamkubwa yemweyo, ndipo mbadwa za dziko lino zinalibemo mpando. Zofuna zathu zinkanenedwa ndi mmishonale wachizungu. Anthu akuda oyamba analowamo mu 1949, ndipo anachita kusankhidwa ndi bwanamkubwa. Mu 1956 ndi pamene munalowa anthu asanu osankhidwa kudzera m'makhonsolo a zigawo, ndipo pakati pawo panali Kanyama Chiume ndi mwana wa kwanu ku Malindi, Henry Masauko Chipembere.

Ndiye yankho lake ndi lakuti anthu sakanatha kumuchotsa. John Chilembwe anadandaula za thangata, za msonkho ndi za kutengera anthu akuda ku nkhondo ya eni, koma panalibe khomo loti agogode. Anaukira pa 23 Januwale 1915, nthawi ya George Smith, ndipo anaphedwa pa 3 Febuluwale. Smith anakhalabe pa mpando mpaka 1923.

Wowulutsa: Mayi ena ogulitsa nsomba pa msika wa Mangochi akufunsa mwachidule. Akuti, "Mzinga uli pafupi ndi nsanja ya wotchi ija ndi wa bwanamkubwa uti?"

Aphunzitsi: Mayi, nsanjayo inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, nthawi ya Sharpe. Mzingawo unali pa sitima yankhondo yotchedwa Guendolen. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, boma la Smith linatuma sitimayo kukaononga sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, imene inali pa gombe la Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli ku Tanzania. Mukamadutsa pamenepo muzikumbukiranso amtengatenga zikwizikwi amene anagwidwa m'midzi kuti asenze katundu wa nkhondoyo. Ambiri anadzera pa doko la Fort Johnston, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda.

Wowulutsa: Wophunzira wa Fomu 4 wa ku Monkey Bay akuti, "Tinalandira ufulu pa 6 Julayi 1964. Nanga bwanji buku lathu likuti mzungu, Glyn Jones, anakhalabe mpaka 1966?"

Aphunzitsi: Kuti umvetse, mwana wanga, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Mu 1953, nthawi ya Colby, dziko lino linalowetsedwa m'Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland anthu ake akukana. Dr Hastings Kamuzu Banda anabwera pa 6 Julayi 1958 kudzatsogolera nkhondo yokana Chitaganya. Pa 3 Malichi 1959 Armitage analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Anthu oposa 1,000 anamangidwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo oposa 50 anaphedwa, ena mwa iwo pa doko la Nkhata Bay. Kamuzu, Chipembere ndi Dunduzu Chisiza anakatsekeredwa ku Gwelo. Woweruza Patrick Devlin, amene anatumidwa kudzafufuza, analemba kuti pa nthawiyo Nyasaland anali dziko lolamulidwa ndi apolisi. Boma la Britain linamuikira kumbuyo Armitage, ndipo anakhalabe mpaka 1961.

Glyn Jones anabwera kuchokera ku Northern Rhodesia mu 1960, n'kukhala bwanamkubwa mu 1961, ndipo ntchito yake inali yopereka mphamvu. Chipani cha Malawi Congress chinapambana chisankho cha Ogasiti 1961, Kamuzu anakhala Nduna Yaikulu mu Febuluwale 1963, ndipo Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963. Tsono pa 6 Julayi 1964 Malawi anakhala dziko loima palokha, koma mutu wa dziko anali adakali Mfumukazi Elizabeth. Jones anatsala ngati woimira Mfumukaziyo, pa udindo wa Governor-General. Munthu anali yemweyo, nyumba ya ku Zomba inali yomweyo, koma tsopano ankasaina zimene Nduna Yaikulu yamulangiza. Pa 6 Julayi 1966 dziko linakhala lipabuliki, Kamuzu anakhala Pulezidenti, ndipo udindo wa bwanamkubwa wa dziko unathera pomwepo. Dzina la Jones linatsala pa msewu wina waukulu mumzinda wa Blantyre.

Wowulutsa: Kalata yomaliza ndi yolemera, aphunzitsi. Yachokera kwa bambo wachikulire wa kwa Chowe konkuno. Akuti, "Ine ndinaona zonse ziwiri, boma la azungu ndi lathu. Mu 1965 tinagona m'tchire. Ndiuzeni, chinasintha n'chiyani bwanamkubwa atachoka?"

Aphunzitsi: Bambo, ndakumvani, ndipo zimene munaona ndi maso anu zikuposa zimene ine ndinawerenga. Patangotha miyezi iwiri chilandirireni ufulu, mu Seputembala 1964, nduna zinasemphana ndi Kamuzu. Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo anachotsedwa, ndipo Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Chipembere anatula pansi maudindo. Jones anayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi, koma mphamvu yolamula analibenso. Chipembere anabwerera kwawo kuno, n'kulowa m'mapiri. Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 iye ndi anthu ake analanda Fort Johnston, n'kuyamba ulendo wa ku Zomba. Atafika pa Liwonde anapeza pantoni ili tsidya lina, ndipo ulendowo unathera pamenepo. Mu Epulo chaka chomwecho Chipembere anatulutsidwa m'dziko mwachinsinsi, Jones akuthandizapo, ndipo anamwalira ku America mu 1975.

Amene analipira anali anthu wamba a kuno. Midzi inatenthedwa, anthu anamangidwa, a m'mudzi wa Moto anatengedwa n'kukatsekeredwa zaka zambiri, ndipo Medson Silombela, mmodzi wa ankhondo a Chipembere, ananyongedwa ku Zomba mu 1966. Mphamvu yomanga munthu popanda mlandu, imene tinailirira nthawi ya Armitage, inalowa m'manja mwa boma lathu, ndipo ndende ya Dzaleka inadzaza ndi Amalawi omangidwa ndi Amalawi anzawo. Mu 1971 Kamuzu anakhala Pulezidenti wamuyaya. Bwanamkubwa ankayankha ku London. Pulezidenti wamuyaya analibe aliyense womufunsa.

Ufulu wa 1964 unali weniweni, ndipo amene anaufera tiziwalemekeza. Unatipatsa dziko, mbendera ndi dzina. Koma mphamvu yochotsa wolamulira inafika m'manja mwanu pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi pa chisankho cha 1994. Malamulo a dziko amene tili nawo tsopano amati Pulezidenti asapitirire zigawo ziwiri za zaka zisanu, ndipo munthu akamangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Kwa munthu amene anagona m'tchire mu 1965, mawu amenewa ali ndi kulemera kwake.

Taonaninso kumene dzina lija linapita. Lero tikati bwanamkubwa timanena DC wa boma lathu. Iyenso amatumizidwa kuchokera ku likulu, ndipo tsiku lina amasamutsidwa. Koma lamulo la maboma aang'ono la 1998 linaika khonsolo, mmene mumakhala makhansala ndi aphungu amene inu mumawavotera, komanso mafumu anu. Agogo athu analibe poyankhulira. Inu muli ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ya dera, ndi khonsolo ku Mangochi. Ndalama ya mlatho, ya mjigo kapena ya chipinda chophunziriramo ikabwera kuno kwa Chowe, pitani ku msonkhano, mufunse kuti inali zingati, yagwira ntchito yanji, ndipo wasaina ndani. Mukafunsa motero, bambo, ndiye kuti mukugwiritsa ntchito chinthu chimene bwanamkubwa aliyense mwa 12 aja sanalole kuti makolo anu akhale nacho.

Wowulutsa: Makalata amene sitinawawerenge lero tiwasunga, ndipo sabata yamawa tiyamba ndi funso la mayi wa ku Makanjira lokhudza sitima ya Vipya, imene inamira mu 1946. Pitirizani kutilembera. Tsalani bwino.