Ulendo wa mbamu ya nsima, kuchokera m'kamwa mpaka m'magazi

Phunziro lathu lero ndi la m'mimba. Ndikufuna titsatire mbamu imodzi ya nsima ya nandolo, chakudya chathu cha kuno kuchigwa cha Phalombe, tione komwe imapita tikameza. Ambirife timadya katatu patsiku koma za m'mimbazi timazikumbukira pokhapokha zikativuta.

Ntchito imayambira m'kamwa. Mano amaphwanya, lilime limatembenuza, malovu amafewetsa. Thupi limapanga malovu pafupifupi lita imodzi kapena kupitirira patsiku, ndipo m'malovumo muli chinthu chotchedwa amylase chomwe chimayamba kusandutsa sitachi kukhala shuga. Tayesani kutafuna chimanga chootcha kwa nthawi yaitali osameza, mumva chikuyamba kutsekemera. Amayi athu nzeru imeneyi adaidziwa kalekale. Akathira chimera m'phala lolimba, phalalo limasungunuka n'kutsekemera, thobwa n'kubadwa. M'chimera mulinso amylase. Tsono vuto lathu n'loti nsima ambiri sititafuna, timangoikunkhuniza m'dzanja, kusunsa, kenako gwa! Ndiwo zake bwanji? Nandolo ndi masamba zimafuna mano, chifukwa m'chifu mulibe dzino.

Tikameza, chakudya chimatsika m'kummero, njira yotalika masentimita pafupifupi 25. Sichimangogwa ngati mwala m'chitsime ayi, minofu ndiyo imachikankha pofinya motsatizana. Pothera pa njirayi pali kamnofu kotseka pakhomo pa chifu. Mukakhuta kwambiri n'kugona pompo, asidi amatha kubwerera m'mwamba, ndiye chilungulira chija chimakuotchani pachifuwa.

M'chifu chakudya chimakhala maola awiri mpaka anayi, kutengera zomwe mwadya. Zamafuta zimachedwerapo. Muli asidi wamphamvu amene amapha tizilombo tambiri, komanso pepsin yemwe amayamba kuphwanya zomanga thupi za m'nandolo kapena m'matemba a ku Chilwa. Chifu sichidzigaya chokha chifukwa khoma lake ndi lokutidwa ndi zoterera zoliteteza. Chitetezo chimenechi chikaonongeka m'pamene zilonda za m'mimba zimayamba. Ndimamva achinyamata ambiri akunena kuti zilondazi zimadza ndi njala kapena maganizo. Zoona zake, zambiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, kapena kumwa pafupipafupi mankhwala opha ululu monga aspirin ndi ibuprofen. Madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, ndiwo adatsimikiza za kachilomboka, ndipo adalandira mphoto ya Nobel mu 2005. Ndiye ngati m'mimba mumaotcha kawirikawiri, musamangotafuna mapilitsi a m'golosale. Pitani kuchipatala, matendawa amachizika.

Kuchoka m'chifu, mbamu yathu ija yasanduka ngati phala lamadzimadzi, ndipo ikulowa m'matumbo aang'ono. Dzinali lisakupusitseni: ndi opyapyala koma kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 6. Apa chiwindi chimatumiza ndulu yomwe imamwaza mafuta kukhala timadontho, monga momwe sopo amachitira ndi mafuta pambale. Kapamba naye amathira timadzi take tomalizitsa kugaya. Mkati mwa matumbowa muli tinthu tonga tizala tambirimbiri toyamwa chakudya kuti chilowe m'magazi. Nsima yasanduka shuga wopatsa mphamvu, nandolo wasanduka zomangira minofu.

Pamenepa pali mfundo yomwe ndikufuna alongo anga aigwire. Ayironi wa m'nyemba, nandolo ndi masamba monga bonongwe amavuta kulowa m'magazi. Mukadya pamodzi ndi chipatso monga bwemba, gwafa, bango kapena lalanje, amalowa bwino. Mukatsira tiyi wamasamba pamwamba pa chakudyacho, mumamutsekereza. Tiyi wa ku Mulanje kuno ngokoma, inde, koma mudikireko ola limodzi mukatha kudya. Kuchepa kwa magazi kumene kumavutitsa atsikana ndi amayi oyembekezera nthawi zina kumakula ndi zizolowezi zazing'ono ngati zimenezi.

Zotsala zimapita m'matumbo aakulu, otalika pafupifupi mita imodzi ndi theka. Ntchito yake yaikulu ndi kubweza madzi m'thupi. Mumakhalanso mabakiteriya abwino amene amadya zomwe ife talephera kugaya, monga makoko a nandolo ndi gaga wa mu mgaiwa. Mpweya umene umabwera mukadya nyemba ndi chizindikiro choti iwo ali pantchito, si matenda. N'chifukwa chake mgaiwa, masamba ndi madzi okwanira zimathandiza kuti munthu asadzimbidwe. Koma thupi lili ndi malire ake. Kalongonda, amene Alhomwe amamudziwa bwino, amaphikidwa kwa maola ambiri ndi kutaya madzi chifukwa wosapsa amazunguza mutu. Mphika umayamba wagwira ntchito yomwe mimba siingathe.

Matumbo akalephera kubweza madzi, moyo umakhala pachiswe. Tonse tikukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023, komanso namondwe Freddy yemwe mu Marichi 2023 adagumula nyumba, zimbudzi ndi zitsime m'boma lathu lino. Kolera amachititsa matumbo kutulutsa madzi m'malo mowayamwa, ndipo munthu wamkulu amatha kufooka m'maola ochepa. Thanzi ORS imapulumutsa chifukwa shuga ndi mchere zikakhala pamodzi pamlingo woyenera, matumbo amaziyamwa ndipo madzi amatsatira. Yambani kumwetsa wodwala muli panjira yopita kuchipatala, osadikira kuti kuche.

Nanga tikamasala? Masana a Ramadhani thupi limayamba ladya shuga yemwe chiwindi chidasunga, kenako limatembenukira ku mafuta. Dzuwa likalowa, chifu chimakhala chakhala chopanda kanthu tsiku lonse, tsono si nzeru kuchiunjikira mitanda itatu, zokazinga ndi zakumwa za shuga nthawi imodzi. Yambani ndi madzi ndi tende kapena nthochi, kaswalini Maghrib, kenako idyani modekha. Pa daku sankhani zokhalitsa m'mimba: phala la mgaiwa lotendera, mbatata, nyemba, dzira. Amene muli ndi matenda a shuga kapena zilonda za m'mimba, kaonaneni ndi achipatala mwezi usanaoneke, ndipo afunseni a shehe za chilolezo chomwe odwala ali nacho.

Thupili ndi amana, tidangosungitsidwa. Sabata ino yesani zitatu izi: tafunani mosathamanga, sambani m'manja ndi sopo musanadye, ndipo nyamukani pamkeka mimba isanafike pothina. Sabata yamawa, in shaa Allah, tidzakambirana za impso ndi madzi akumwa m'nyengo yotentha.