MZINDA WA VENICE NDI ALENDO ACE

Kumpoto kwa dziko la Italy, ku Ulaya, kuli mzinda wochuka dzina lace Venice. Mzinda umenewu unamangidwa pa madzi. Nyumba zace ziri pa tizisumbu 118 m'kati mwa thamanda lalikulu la madzi amcere, m'mphepete mwa nyanja ya Adriatic. Pakati pa tizisumbuto papita mifuleni ya madzi, ndipo maulalo oposa 400 alumikiza kacisumbu kena ndi kanzace.

M'kati mwa mzindamo simuyenda galimoto. Munthu amayenda pansi kapena pa bwato. Odwala amawanyamula pa bwato kunka nao ku cipatala, ndipo zakudya za m'masitolo zimafikanso pa bwato. Magalimoto ndi sitima za panjanji zocokera kumtunda zimaoloka pa ulalo wautali makilomita pafupi-fupi 4, ndi kuima pa khomo la mzinda.

Cifukwa ca kukongola kwa machalichi ace ndi nyumba zace zakale, m'caka ca 1987 bungwe la UNESCO linalemba Venice pa mndandanda wa malo amene ali cuma ca anthu a dziko lonse lapansi.

Alendo Aculuka, Eni Mudzi Acepa

Caka ndi caka alendo mamiliyoni ambiri amabwera kudzaona Venice. Iwo amabweretsa ndalama. Opalasa mabwato, ophika zakudya, eni mahotela ndi osula magalasi a pa cisumbu ca Murano, onsewa amadya za m'thumba la mlendo.

Akulu anati, "Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka." Koma ku Venice mamewo sakamuka, pakuti mlendo wa lero akacoka, mawa pafika ena. Ambiri a iwo sagona m'mzindamo: amafika m'mawa ndi kucoka madzulo. Onse amafuna kuona malo amodzi-modzi, ndiwo bwalo la San Marco ndi ulalo wa Rialto, ndiponso amafika pa maola amodzi-modzi. Njira za m'mzindamo nzopapatiza, kotero kuti mwana wopita ku sukulu ndi mai wopita ku msika amasowa podzera.

Bvuto lina ndi la nyumba. Mwini nyumba amapata ndalama zambiri akagoneka alendo masiku owerengeka koposa akaibwereka kwa banja caka cathunthu. Motero mtengo wa nyumba unakwera, ndipo mabanja ambiri anasamukira kumtunda, ku Mestre ndi kwina. M'caka ca 1951 m'kati mwa mzinda wakalewo munali anthu pafupi-fupi 175,000. M'caka ca 2022 ciwerengero cao cinatsika kufikira pansi pa 50,000. Pa masiku ena alendo amaposa eni mudzi.

Mzinda wa kumtunda ukadzaza, anthu amalambula thengo ndi kumanga misewu yatsopano. Venice sangatero, cifukwa wazingidwa ndi madzi. Tsono akulu a mzindawo anaona kuti cowatsalira ndico kugawa bwino zinthu ziwiri zimene ali nazo, malo ndi nthawi.

Kugawa Malo

Nkhani yoyamba inali ya zombo zazikulu za alendo. Zina mwa zombozi nzazitali koposa nyumba za m'mzindamo, ndipo cimodzi cimanyamula anthu zikwi zingapo. Kale zinali kudzera m'mfuleni wa Giudecca, pafupi ndi bwalo la San Marco. Mafunde ace anali kukokolola maziko a nyumba, ndipo anthu onse a m'combo anali kutsikira m'mzinda nthawi imodzi. Mu June 2019 combo cina cacikulu cinalephera kuima, nicigunda gombe ndi bwato lina la alendo. Anthu anacita mantha. Kuyambira pa 1 August 2021 boma la Italy linaletsa zombo zoposa matani 25,000 kudzera njira imeneyo. Zinauzidwa kukaima ku Marghera, dooko la kumtunda.

Ndiponso kuyambira mu August 2024 gulu la alendo loyenda ndi wowatsogolera siliyenera kupitirira anthu 25, ndipo wotsogolerayo saloledwa kulankhula pa cimkuza-mau. Magulu saloledwa kuima pa maulalo ndi m'tinjira topapatiza. Kusambira m'mifuleni nkoletsedwa, ndipo wokhala pansi pa makwerero a ulalo kuti adye amalipitsidwa. Pa nyengo ya cikondwerero ca Carnival, anthu akathinana kwambiri, apolisi amalamula kuti m'njira zina onse ayende kuloza mbali imodzi. Akulu a mzinda amalimbikitsanso alendo kukaona madera ena a mzindawo kumene anthu safikako kawiri-kawiri, kuti asaunjikane onse pamodzi.

Si zonse zimene zinayenda bwino. Mu April 2018 akulu a mzinda anaika zipata pa njira zolowera m'mzinda kuti apatutse alendo pa masiku odzaza. Eni mudzi ena anakwiya, nazula cipata cimodzi. Iwo anati mudzi wokhala anthu sauikira cipata monga khola.

Kugawa Nthawi

Alendo safika mofanana masiku onse. Amaculuka pa Loweruka, pa Lamulungu ndi pa masiku a chuthi, maka-maka m'miyezi yofunda. Pa masiku ena m'njira mumakhala malo. Tsono akulu a mzinda anaganiza kuti mlendo wa tsiku limodzi akamalipira pa masiku odzaza okha, mwina adzasankha tsiku lina.

Msonkho umenewu unayamba pa 25 April 2024, pamene Luigi Brugnaro anali meya wa mzindawo. Caka cimeneco anasankha masiku 29, kuyambira mu April kufikira mu July. Mlendo wofika pakati pa 8.30 m'mawa ndi 4 koloko madzulo anayenera kulembetsa pa intaneti ndi kulipira mayuro 5. Yuro ndiyo ndalama ya ku Italy ndi maiko ena ambiri a ku Ulaya. Wofika madzulo, nthawiyo itapita, sanali kulipira. Eni mudzi, ogwira nchito m'mzindamo, ana a sukulu ndi ana osafika zaka 14 sanali kulipira. Alendo ogona m'mahotela naonso sanali kulipira msonkho umenewu, pakuti iwo ali ndi msonkho wao wa malo ogona.

M'caka ca 2025 masikuwo anaonjezedwa kufika 54. Wolembetsa msanga analipira mayuro 5, koma wocedwa kulembetsa analipira mayuro 10. Cifukwa cace ncakuti akulu a mzinda afuna kudziwiratu kuculuka kwa anthu amene akubwera, monga mai amafunsa ciwerengero ca alendo asanatereke mphika. Akadziwa, amatha kuonjezera mabwato onyamula anthu, apolisi ndi osesa m'njira.

Kodi Mlandu Watha?

Anthu a ku Venice sanagwirizane pa za msonkhowu. Pa tsiku loyamba lomwe, ena anasonkhana pa khomo la mzinda kuutsutsa. Iwo anati mayuro 5 sangabweze munthu amene walipira kale ulendo wautali, ndi kuti mzinda wolipira polowa usanduka malo oonetserako zinthu zakale. Anatinso cosowa cacikulu ndi nyumba zotsika mtengo, kuti mabanja aleke kusamuka. Akulu a mzinda anayankha kuti msonkhowo ndi ciyambi cabe, ndi kuti munthu sangagawe bwino alendo asanawawerenge.

Mbali zonse ziwiri zibvomerezana pa cinthu cimodzi. Alendo akaleka kubwera, anthu ambiri adzasowa nchito. Koma eni mudzi akatha kusamuka, padzatsala nyumba zokongola zopanda ana, zopanda sukulu ndi zopanda msika, ndipo mlendo sadzapeza womulonjera.

Nkhani imeneyi ikhudzanso mizinda ina yolandira alendo. M'Zambia muli mzinda wa Livingstone, pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, amene UNESCO inawalemba pa mndandanda womwewo m'caka ca 1989. Livingstone ali ndi malo okulirako, amene Venice alibe. Komabe akulu ace ayenera kulingalira mafunso omwewo: hotela imangidwe pati, msika ukhale pati, ndipo mwini mudzi adzere pati alendo akaculuka.

MAFUNSO

1. Kodi ncifukwa ninji mzinda wa Venice sungathe kukula?
2. Kodi ciwerengero ca eni mudzi cinacepa ndi anthu angati kuyambira 1951 kufikira 2022?
3. Chulani malamulo atatu ogawa malo ndi lamulo limodzi logawa nthawi.
4. Kodi ndani amene sanali kulipira msonkho wolowera m'mzinda? Ncifukwa ninji?
5. Gawanani magulu awiri. Gulu lina likhale akulu a mzinda, lina likhale otsutsa msonkho, ndipo mukambe mlanduwo.
6. Jambulani mapu a msika wa kwanu. Sonyezani pamene anthu amathinana, ndipo lembani tsiku ndi ola limene amathinana koposa.