Kusamalira wodwala amene amuika mapapo atsopano

Pa opaleshoni yoika mapapo, mitsempha yonyamula uthenga imadulidwa, choncho makhololo akadzaza m'kati wodwala samva msanga kuti atsokomole. Vuto limatha kuyamba mwakachetechete. Akatuluka m'chipatala, inu womusamalira ndinu maso ake.

1. Sungani nthawi ya mankhwala. Thupi limaona mapapo atsopanowo ngati mdani, ndipo mankhwala monga tacrolimus, mycophenolate ndi prednisone ndiwo amaliletsa kuwakana. Wodwala adzamwa mankhwalawa moyo wake wonse. Kawirikawiri tacrolimus amamwedwa maola 12 aliwonse, ndipo tsiku loyezetsa ayambe wapereka magazi asanamwe wa m'mawa. Asadye chipatso cha grapefruit chifukwa chimachulukitsa tacrolimus m'magazi, pomwe rifampicin wa TB amamuchepetsa. Mankhwala ena aliwonse, ngakhale azitsamba, muyambe mwafunsa adokotala.

2. Lembani m'kabuku m'mawa uliwonse kutentha kwa thupi, kulemera kwake, kuthamanga kwa magazi ndi nambala ya spirometer, kachipangizo kopumiramo koyeza mphamvu ya mapapo. Nambalayi ikatsika ndi 10 pa 100, dziwitsani achipatala ngakhale iye akunena kuti ali bwino.

3. Mutchingireni ku matenda, pakuti chitetezo cha thupi lake chafooketsedwa dala. Aliyense wolowa m'nyumba asambe m'manja ndi sopo. Wachibale wa chimfine amuzonde pafoni. Pagulu wodwala avale masiki. Asagwire manyowa, dothi la m'dimba kapena zitosi za mbalame, ndipo atalikirane ndi utsi wa fodya ndi wa nkhuni. Nyama, nsomba ndi mazira zipse bwino. Katemera wa tizilombo tamoyo ngosayenera kwa iye.

4. Muyendetseni tsiku lililonse, mukuwonjezera mtunda pang'onopang'ono. Mukumbutseni kupuma mozama ndi kutsokomola dala, atakumbatira pilo pachifuwa kuti bala lisapweteke. Asanyamule zolemera kufikira adokotala atamulola.

5. Musadikire kuti kuche ngati thupi latentha kufika madigiri 38, akubanika, makhololo asintha mtundu, bala likutuluka mafinya, kapena akusanza mpaka mankhwala sakukhazikika. Imbirani foni achipatala nthawi yomweyo.

Prednisone amatha kumusowetsa tulo ndi kumukwiyitsa msanga, choncho mawu ake owawa musawasunge kumtima. Inunso mudzatopa. Phunzitsani wachibale wina mayina a mankhwala, nthawi zake ndi kalembedwe ka m'kabuku kaja, kuti tsiku limene inu mwadwala chimfine wodwalayo asasowe womuyang'anira.