Chotupa chaphwa, koma mankhwala sanathe: kusamalira mwana wodwala khansa pakhomo

Khansa imene ana ambiri amagonekedwa nayo m'zipatala zathu zikuluzikulu ndi ya Burkitt, ija imatupitsa nsagwada, diso kapena mimba. Dzinali ndi la dokotala Denis Burkitt, yemwe anaifotokoza mu 1958 akugwira ntchito ku Uganda, ndipo imakonda madera amene malungo ndi ochuluka. Imakula mothamanga, komanso imamva mankhwala msanga. Mwana akangolandira diripi yoyamba kapena yachiwiri, chotupa chomwe chimamukanikitsa kutafuna chimaphwa pa masiku owerengeka. Ngozi yagona pomwepa. Abale akamuona akusewera pabwalo amati wachira. Kumunda chimanga chikudikira khasu, ndalama yoyendera yatha, ndipo tsiku lobwerera kuchipatala limangodutsa. Pakapita miyezi chotupa chija chimabwerera, ndipo chobwerera chimavuta kuchiza kuposa choyamba.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati m'mayiko olemera ana oposa 80 pa 100 aliwonse odwala khansa amachira, pomwe m'mayiko ambiri osauka ochira safika 30. Mu 2018 bungweli linakhazikitsa ndondomeko yofuna kuti pofika 2030 ana 60 pa 100 aliwonse azipulumuka. Kusiyanaku sikuchokera ku makina ndi mankhwala okha. Ana athu amafika mochedwa, amasiyira mankhwala panjira, amagwidwa ndi matenda ena thupi lili lofooka, ndipo ambiri amayamba mankhwala ali onyentchera kale. Zambiri mwa izi zimachitikira pakhomo, ndipo pakhomo pomwepo ndi pamene zingapewedwe.

Musanatuluke m'wodi

Kaya mwana akulandirira mankhwala ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, musanyamule katundu musanamve zinthu zinayi kuchokera kwa adokotala kapena anamwino: dzina la khansayo, maulendo a mankhwala amene atsala, tsiku lenileni lobwerera, ndi nambala ya foni yoimba zinthu zikavuta. Apempheni alembe zonsezi m'buku la kuchipatala la mwanayo. Ambirife timachita manyazi kufunsa kawiri, timangoti "chabwino adokotala" chonsecho sitinamve. Funsani mpaka mumve, kenako bwerezani mwa mawu anu kuti iwo atsimikize. Ngati gadiyani ndi agogo amene sawerenga, pakhale wina kunyumba wowerenga bukulo tsiku lomwelo akafika.

Funsaninso zimene mankhwalawo achite m'thupi, kuti zikadzaoneka musadzadzidzimuke. Alipo ofiira otchedwa doxorubicin amene amafiiritsa mkodzo tsiku limodzi kapena awiri. Vincristine amadzimbitsa ndipo nthawi zina amachititsa dzanzi m'zala ndi m'mapazi. Mapiritsi a prednisolone amanenepetsa masaya, amapatsa njala yosaneneka, ndipo mwana wofatsa amasanduka waukali. Tsitsi limathothoka koma limameranso. Banja limene silinauzidwe izi limaganiza kuti mankhwala akupha mwana, ndipo limathawa.

Ndalama yoyendera ikhale nkhani ya mbumba yonse

M'zipatala za boma mankhwala salipiritsa. Chimene chimagonjetsa mabanja ndi minibasi, kabaza, ndiwo za gadiyani, ndi munda umene watsala wopanda mwini. Choncho sabata yoyamba yomweyo itanani mwinimbumba, amalume, azakhali ndi akuchimuna omwe, muwaonetse masiku onse olembedwa m'buku, muwerengere limodzi mtengo wa ulendo umodzi kupita ndi kubwera. Aliyense anene chimene atenga: uyu ulendo wa mwezi uno, uyu kupalira, uyu kuphikira ana otsala. Ali ku tauni kapena ku Joni auzidwe tsiku lotumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, lisanafike la ulendo. Akumpingo ndi a banki mkhonde amathandiza bwino akauzidwa chinthu chodziwika, monga ndalama ya ulendo wakuti, kusiyana ndi kungomva kuti kwa auje kuli matenda. Katapila mupeweni, chifukwa ulendowu ndi wa miyezi ndipo ngongole yake idzakudyani musanafike pakati.

Ngati ndalama yakanikiratu, musangokhala chete. Imbani ku wodi. M'mawodi a ana a khansa mumakhala mabungwe amene nthawi zina amathandiza pa mayendedwe, ndipo anamwino sangadziwe vuto lanu mukapanda kulinena. Tsiku likakudutsani, pitanibe mawa lake. Kukalipiridwa pang'ono n'kopepuka poyerekeza ndi kutaya mwana.

Kutentha thupi: apa musazengereze

Pa malangizo onsewa, ili ndi limene ndingakonde kuti aliyense pakhomo, ngakhale mwana wamkulu, alidziwe pamtima. Mankhwala a khansa amapha maselo a khansa, koma amagwetsanso asilikali a m'magazi amene amalimbana ndi tizilombo. Asilikaliwa amatsika kwambiri pakati pa masiku 7 ndi 14 chilandirireni mankhwala, nthawi imene mwana amakhala ali kunyumba, kutali ndi adokotala ake. M'masiku amenewa kachilombo komwe mwana wina angakagonjetse osadziwa n'komwe, kangathe kupha mwana wanu m'maola ochepa.

Gulani kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi ku famase, ndipo anamwino akuphunzitseni kuwerenga musanachoke. Kakafika pa 38 kapena kupitirira, nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku, kaya kukugwa mvula. Ngati kachipangizoko mulibe koma thupi latentha, kapena mwana akunjenjemera, nyamukanibe. Musamupatse panado n'kugona kuti muone m'mawa: panado amatsitsa kutentha koma tizilombo timapitiriza ntchito yake m'magazi. Asipirini ndi bulufeni musamupatse n'komwe pokhapokha adokotala atanena, chifukwa magazi a mwanayu amachedwa kuundana.

Pitani ku chipatala chimene chili pafupi, ndipo musaime pamzere mwaulemu mpaka dzuwa litakwera. Tulutsani buku, muuze woyamba kukumana naye kuti, "Mwanayu ali pa mankhwala a khansa, watentha thupi." Ayenera kuyezedwa malungo, koma ngakhale malungo apezeke kapena asapezeke, mwana wotere amafunika kuonedwa msanga ngati akufunika jakisoni wopha tizilombo. Pemphani achipatalawo aimbe ku wodi imene imamudziwa. Chitaninso chimodzimodzi mukaona kamfuno kosaleka, magazi m'chimbudzi kapena m'masanzi, timadontho tofiira pakhungu, kubanika, kukomoka, kufooka kodabwitsa, kutsegula m'mimba kosalekeza, kapena akakana kumwa chilichonse.

Kumutchinjiriza pakhomo

Agone m'neti usiku uliwonse, chilimwe ndi dzinja lomwe. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe kolorini. Aliyense asambe m'manja ndi sopo asanamugwire ndi asanamupatse chakudya, ndipo pa nthawi ya nsima madzi osamba m'manja achite kuthirirana, osati kusambira m'beseni limodzi. Kukamveka katsabola kapena chikuku m'mudzi, mwana asayandikire kumeneko, ndipo ngati wasewera kale ndi wodwalayo dziwitsani achipatala tsiku lomwelo, chifukwa matenda awiriwa ndi oopsa kwambiri kwa mwana amene chitetezo chake chatsika. Alendo odzazonda amene ali ndi chifuwa kapena chimfine alonjereni panja. Enadi adzadandaula, koma wofotokozeredwa bwino amamvetsa. Akatemera akamayenda khomo ndi khomo, aonetseni buku kaye: makatemera ena, monga wa poliyo wodontheza m'kamwa ndi wa chikuku, saperekedwa mwana ali pa mankhwalawa adokotala ake asanavomereze.

Masiku awiri oyamba atalandira diripi, mkodzo, chimbudzi ndi masanzi ake zimakhala ndi mankhwala. Wochapa zovala zake asambe m'manja bwinobwino, ndipo mayi woyembekezera ntchito imeneyo aisiyire ena.

Chakudya

Mwana wonyentchera sapirira mankhwala a khansa. Vuto n'loti mankhwala omwewo amabweretsa nseru, zilonda za m'kamwa, ndipo chakudya chimasintha kakomedwe. Musamukakamize mbale yodzaza, musamuopseze ndi mkwapulo. Mupatseni pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku: phala la mgaiwa kapena la likuni lothira nsinjiro, kamafuta pang'ono kapena mkaka, dzira lophika mpaka kulimba, nyemba zofewa, usipa wosinja, mbatata, nthochi, peyala. Akakupatsani chiponde kuchipatala, chimenecho ndi mankhwala a mwanayo, si chogawana ndi abale ake ngakhale mtima ukupwetekeni. Chakudya chikhale chongophikidwa kumene. Mkute wosatenthetsa, zokazinga za pamsewu ndi zipatso zosatsuka zidikire kaye.

M'kamwa mukatuluka zilonda, achukuche ndi madzi owiritsa othira kamchere pang'ono kangapo pa tsiku, ndipo mupewe tsabola ndi zowawasa. Amwe madzi ambiri, makamaka akalandira cyclophosphamide amene amatha kupweteka chikhodzodzo.

Za asing'anga ndi zonena za anthu

Chotupa chikamera pankhope ya mwana, m'mudzi simulephera kumveka dzina la womulodza. Nthawi zambiri otchulidwa amakhala agogo okalamba kapena mayi ake enieni. Khansa ya ana sibwera ndi ufiti, si chilango cha makolo, ndipo mwana sapatsira anzake podyera mbale imodzi kapena pogona mphasa imodzi. Mabanja ena atha chifukwa cholozana zala pa nthawi imene mwana amafuna bambo ndi mayi ake onse awiri.

Pemphero ndi labwino ndipo limalimbitsa mtima, koma aliyense wokuuzani kuti musiye mankhwala posonyeza chikhulupiriro akuika moyo wa mwana wanu pachiswe. Kutema mphini pachotupa kumalowetsa tizilombo ndipo magazi sangaleke msanga. Zitsamba zomwa zimatha kulemetsa chiwindi ndi impso zomwe zikulimbana kale ndi mankhwala amphamvu. Ngati mwana wamwetsedwa kale kanthu, auzeni adokotala mosabisa.

Mtima wa mwana, ndi wa womusamala

Ana amadziwa zambiri kuposa mmene timaganizira. Mwana amene mwamuuza kuti mukupita kukagula nsapato n'kukathera pa jakisoni sadzakukhulupiriraninso, ndipo ulendo wotsatira adzathawira kuthengo. Muuzeni zoona molingana ndi msinkhu wake: m'thupi muli matenda, mankhwala ndi owawa koma ndi amene akuwachotsa, tsitsi lidzamera, ndipo iye sanalakwe chilichonse. Akamva ululu musamuuze kuti alimbe mtima basi. Mankhwala oletsa ululu alipo, kuphatikizapo morphine wakumwa, ndipo kupatsidwa morphine sikutanthauza kuti achipatala ataya chiyembekezo.

Adokotala akalola, abwerere kusukulu. Pitani kaye mukaonane ndi aphunzitsi, muwapemphe amulole kuvala chipewa kapena duku, afotokozere anzake kuti matendawa sapatsirana, ndipo akudziwitseni m'kalasi mukabuka katsabola. Abale ake nawo musawaiwale. Iwo amaona mayi atasowa pakhomo masabata, dzira likupita kwa mmodzi, ndipo ena amayamba kuipidwa mumtima osanena. Akhazikeni pansi, muwafotokozere, muwapatse kantchito pa chisamalirocho.

Ugadiyani nthawi zambiri umagwera mayi yekha, amene amagona pansi m'wodi mwina ali ndi khanda kumsana. Abambo, ulendo wina pitani ndinu. Mukamva nokha kuchokera kwa adokotala, simudzakhalanso woyamba kunena kuti ndalama zikungowonongeka.

Mankhwala akatha

Diripi yomaliza si tsiku lotsanzikana ndi chipatala. Adzakupatsani masiku obwera kudzaonedwa, moyandikana poyamba, kenako motalikirana. Khansa ya Burkitt ikafuna kubwerera, kawirikawiri imabwerera m'chaka choyamba, choncho chaka chimenecho musaphonye ngakhale tsiku limodzi. Pomusambitsa muzimuyang'ana nsagwada, m'khosi, m'khwapa ndi pamimba. Chotupa chatsopano, kuwonda, kuyera m'maso ndi m'manja, kupweteka kwa mafupa kapena msana, kufooka kwa miyendo, zonsezi n'zobwerera nazo msanga osadikira tsiku lolembedwa.

Mwana amene anachotsedwa impso chifukwa cha khansa ya Wilms amakula bwinobwino ndi impso imodzi, koma aliyense womulembera mankhwala moyo wake wonse ayenera kuuzidwa zimenezi. Khansa ya m'diso ya retinoblastoma, ija imayamba ndi kachinthu koyera pakati pa diso, nthawi zina imayenda m'magazi a banja, choncho abale ake aang'ono ndi makanda obadwa pambuyo akayezedwe maso. Mwana wa khansa ya Kaposi amene alinso ndi HIV apitirize ma ARV osadumphitsa. Buku la kuchipatala lisungeni m'pepala la pulasitiki pamalo osafika chiswe ndi mvula, chifukwa adzalifuna ngakhale atakula.

Inu amene mwana wanu wamaliza ulendowu, mukamva kuti m'mudzi mwanu kapena kumpingo kwanu muli mwana wotupa nsagwada, wotupa mimba kapena wa diso loyera pakati, pitani mukaonane ndi makolo ake sabata yomweyo. Atengereni mwana wanu amuone, muwauze njira ya kuchipatala, ndipo muwaperekeze ulendo woyamba.