Kodi magolovesi angatiteteze ku kachilombo tikakhala pagulu?

Phunziro la mwezi uno ndi la magolovesi, aja a mphira opyapyala amene timawaona ndi anamwino kuchipatala. Funso lathu ndi ili: kodi munthu akavala magolovesi popita kumsika, kutchalitchi kapena pokwera minibasi, ndiye kuti wadziteteza ku kachilombo koyambitsa matenda? Yankho ndi lakuti ayi. Koma tisathere pomwepo, chifukwa ilipo nthawi ina imene magolovesi omwewo ndi ofunika zedi, ndipo ambiri a ife timasokoneza nthawi ziwirizi. Timavala pamene sipakufunika, kenako mnzathu akavulala timagwira magazi ake ndi manja osavala kanthu.

Mmene zinayambira

Ambiri a ife tinali ku pulayimale kapena tinali titangoyamba kumene fomu 1 pamene matenda a COVID-19 anafika. Pa 20 Malichi 2020 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi ndipo sukulu zinatsekedwa. Pa 2 Epulo chaka chomwecho boma linalengeza za anthu atatu oyamba kupezeka ndi kachilombo ka korona m'Malawi muno. Mantha anali aakulu, ndipo anakula kwambiri mu Januwale 2021 pamene nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Munthu wamantha amagwira chilichonse chimene chikuoneka ngati chitetezo. Ndiye tinayamba kuona magolovesi m'mashopu, m'maminibasi ngakhale pachiwaya.

Komatu nthawi yomweyo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linali litanena kale poyera kuti kusamba m'manja pafupipafupi kumateteza kuposa kuvala magolovesi a mphira pagulu. Uthenga wa masiki tinaumva tonse. Uwu wa magolovesi sunafike bwino kumudzi.

Chifukwa chake n'chosavuta. Kachilombo ka korona, monganso ka chimfine, sikaboola khungu la m'manja. Khomo lake ndi mphuno, pakamwa ndi m'maso. Nthawi zambiri kamafika pakhomo limeneli kudzera mumpweya, wodwala akamatsokomola, kuyetsemula, kuyimba kapena kungolankhula tili naye pafupi. Muminibasi yochoka ku Rumphi kupita ku Mzuzu, mutathinana anayi anayi, mawindo onse atatsekedwa chifukwa cha mphepo, golovesi lingakuthandizeni chiyani pamenepo? Kutsegula windo kuli ndi phindu kuposa bokosi lonse la magolovesi.

Njira ina ndi ya manja. Mwagwira chitseko chimene wodwala anagwira atangomina, kenako mwatikita diso. Apa ndi pamene anthu amaganiza kuti golovesi lawapulumutsa. Koma taganizani bwino: kachilombo kamene kakanakhala pachala chanu tsopano kakhala pagolovesi, ndipo golovesilo lipita kumene chala chipite. Mu 2015 akatswiri a pa yunivesite ina mumzinda wa Sydney ku Australia anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anajambula ophunzira zaudokotala 26 ali m'kalasi. Anapeza kuti wophunzira aliyense ankadzigwira kumaso pafupifupi ka 23 pa ola limodzi, ndipo pafupifupi theka la maulendo amenewa ankagwira pakamwa, mphuno kapena maso. Amenewa ndi anthu ophunzira za tizilombo tsiku ndi tsiku! Nanga ine ndi inu?

Pali chinanso chimene ine ndimachiona kuti ndi choopsa kuposa zonsezi. Munthu amene sanavale magolovesi amamva manja ake akada, ndiye amafunafuna madzi. Wovala magolovesi samva kanthu, ndipo mumtima amadziuza kuti ndi woyera. Tonse tinamuonapo wogulitsa mandasi kapena tchipisi amene wavala golovesi limodzimodzilo kuyambira m'mawa. Walandira nalo ndalama, wapereka nalo chenji, wayankha nalo foni, wapukuta nalo thukuta, kenako watola nalo mandasi n'kukupatsani. Ife ogula timasangalala, eti mayi awa ndi aukhondo. Chikhala kuti anali ndi foloko yotolera mandasi, ndowa ya madzi ndi kasopo pambali, bwenzi atatiteteza kwambiri, komanso pa mtengo wotsika. Kuchipatala namwino amavala magolovesi atsopano pa wodwala aliyense, akatha amavula n'kutaya, n'kusambanso m'manja. Golovesi la kuchipatala analipangira ntchito imodzi ya mphindi zochepa, osati kuswera nalo kumsika.

Sopo ali ndi mphamvu imene mphira ulibe. Kachilombo ka korona ndi ka chimfine kamakutidwa ndi kachikopa ka mafuta, ndipo sopo amaswa kachikopa kameneka monga amachotsera mafuta m'mbale. Chofunika ndi kutikita manja kwa masekondi osachepera 20, pakati pa zala, kuseri kwa dzanja ndi m'zikhadabo momwe, ndi madzi othirirana kapena a pampondagiya, osati m'beseni limodzi anthu khumi ngati mmene timachitira pamaliro. Pa 5 Meyi 2023 bungwe la WHO linalengeza kuti COVID-19 sinalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, koma kachilomboko sikanathe ayi, chimfine chilipobe, ndipo kolera imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno mu 2022 ndi 2023 inatikumbutsa kuti ntchito ya sopo siinathe.

Yesani izi pamsonkhano wanu

Ngati mamembala ena sakukhulupirira, musatsutsane nawo nthawi yaitali. Pezani golovesi limodzi kapena kajumbo, mumuveke membala mmodzi, ndipo mupake golovesilo makala osinja kapena mwaye wa kunsi kwa poto. Makalawo ndiye kachilombo kathu. Pitirizani msonkhano monga mwa nthawi zonse, iye azipereka moni, azigwira bolopeni, kaundula wa mayina ndi mpira. Pakatha mphindi 15 imani, aliyense ayang'ane manja ake, malaya ake ndi nkhope ya mnzake. Pomaliza muuzeni avule golovesilo mwachangu mmene angathere, muone ngati zala zake zitsale zoyera.

Magolovesi ndi kusalana

Tsopano tibwere pa kachilombo kamene makalabu athu anakhazikitsidwira. HIV ndi yosiyana kotheratu ndi korona. Siyenda mumpweya, siyenda m'thukuta, m'misozi kapena m'malovu. Imapezeka m'magazi, mu umuna, mu ukazi ndi mumkaka wa m'mawere, ndipo kuti ilowe mwa munthu wina imafuna khomo: kugonana kosadziteteza, singano kapena lezala yobwerekana, bala lotseguka, kapena kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana. Kupatsana moni, kukumbatirana, kudyera mbale imodzi, kugona mphasa imodzi, kusewera mpira kapena ntchembere mbaye limodzi, zonsezi sizipatsirana HIV. Khungu lopanda bala ndi mpanda wokwanira.

Choncho munthu akavala magolovesi kuti apereke moni kwa mnzake amene ali ndi HIV, kapena kuti amupatsire phala, palibe chimene wadziteteza nacho. Chimene wachita ndi kuuza mnzakeyo, pamaso pa anthu onse, kuti ndi wonyansa. Nkhani imeneyi si ya lero. Mu Epulo 1987, Diana, amene anali mkazi wa Prince Charles, anapita kukatsegulira wodi ya odwala Edzi pachipatala cha Middlesex ku London, ndipo anagwira chanza wodwala wina osavala magolovesi. Chithunzi chake chinafalikira padziko lonse, chifukwa masiku amenewo anthu ambiri ankaopa ngakhale kukhudza kapu imene wodwala wamwera. Apo n'kuti patangotha zaka ziwiri chipezekereni munthu woyamba wodwala Edzi m'Malawi muno mu 1985.

Kuchokera nthawi imeneyo zambiri zasintha. Ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004, ndipo lero tikudziwa kuti munthu amene akumwa mankhwala mokhulupirika mpaka tizilombo tosaonekanso poyeza magazi sapatsira mnzake HIV pogonana. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kusala munthu chifukwa choti ali ndi kachilombo. Koma lamulo silikhala nafe pabwalo la mpira. M'makalabu athu muli anzathu amene anabadwa ndi HIV ndipo sanauze aliyense. Iwo amayang'ana mmene timachitira ndi ena amene anaulula. Akaona wina akupukuta dzanja pa thalauza atapereka moni, amatseka pakamwa, ndipo ena amafika pobisa botolo la mankhwala kapena kudumphitsa kumwa kuopa kuonedwa. Amene sanayezetse naye amati bola osadziwa. Kusalana kumafalitsa HIV mwa njira imeneyi.

Nanga tivale liti?

Lamulo lake ndi limodzi: valani pamene mukukagwira magazi, mafinya, zilonda, masanzi kapena chimbudzi cha munthu wina, kaya ndi ndani. Mawu akuti "kaya ndi ndani" ndi ofunika kwambiri. Sitivala chifukwa tikumukayikira munthuyo. Timavala pa aliyense, kaya ndi abusa, kaya ndi mchemwali wathu, chifukwa HIV sioneka ndi maso, komanso m'magazi mumayenda tizilombo tina. Kachilombo ka matenda a chiwindi a Hepatitis B kamapatsirana kudzera m'magazi mosavuta kuposa HIV. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda m'dziko muno mu 2002, choncho makolo athu ndi akuluakulu ambiri sanalandire. Ukamavala pa aliyense, palibe amene angadandaule kuti wasankhidwa. Ndipo golovesi loyera limatetezanso wovulalayo ku litsiro la m'manja mwathu.

Zochitika zake sizisowa kwathu kuno. Mnzathu wadzitema ndi chikwanje podula mitengo ya chigafa cha fodya. Njinga yamoto ya kabaza yagwa pamsewu wa ku Bolero. Goloboyi wawombana ndi wosewera wina ndipo akutuluka kamfuno. Agogo akudwala, ali ndi zilonda za pamsana chifukwa chogona nthawi yaitali, ndipo ndi ife tikuwasambitsa n'kuchapa zofunda zawo. Chimodzimodzinso posamalira munthu wa zotupa za mpox, matenda amene anapezeka m'Malawi mu Epulo 2025 ndipo amafala pokhudzana khungu ndi khungu kapena pogwira zofunda za wodwala. Wotereyu apite kuchipatala msanga, ndipo womusamalira avale magolovesi.

Magolovesi akasowa musathawe n'kumusiya munthu akutaya magazi. Valani majumbo awiri osabooka kapena mapepala a pulasitiki a shuga otsuka bwino, mumange pamkono. Ngati wovulalayo ali ndi mphamvu, mupatseni nsalu yoyera kuti apsinje yekha pabalapo. Ngati inuyo muli ndi bala m'manja, limateni kaye ndi pulasitala.

Kuvula ndiye pamene ambiri amalakwitsa. Tsinani golovesi loyamba chakunja, pafupi ndi mkono, mulikoke kuti mkati mwake mutulukire kunja, ndipo mulifumbate m'dzanja limene likadali lovala. Kenako lowetsani zala ziwiri za dzanja lovula kunsi kwa golovesi lachiwiri, mulikankhe mpaka litembenuke n'kumeza loyamba lija. Tayani m'chimbudzi chokumba. Osataya kudzala, chifukwa ana amatola n'kumauzira ngati chibaluni. Osachapa kuti mudzavalenso mawa, chifukwa limakhala ndi timabowo tosaoneka. Mukatha sambani m'manja ndi sopo, ngakhale manjawo akuoneka oyera. Pamene pagwera magazi thirani JIK wosungunula, kapu imodzi ya JIK ku makapu 6 a madzi, mudikire mphindi 10 musanakolope.

Dziwaninso kuti golovesi silitchinga singano kapena lezala. Mukabayidwa ndi singano imene yagwira ntchito pa munthu wina, kapena magazi a wina akalowa pabala lanu, tsukani ndi madzi ambiri ndi sopo. Akagwera m'maso kapena m'kamwa, tsukuluzani ndi madzi oyera okha. Osathira JIK pabala. Kenako thamangirani kuchipatala, kaya ndi chachikulu cha pa boma, cha David Gordon Memorial ku Livingstonia, kapena chaching'ono chimene muli nacho pafupi, mukafunse za PEP. Amenewa ndi ma ARV amene munthu amamwa kwa masiku 28 kuti HIV isakhazikike m'thupi, ndipo ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, makamaka tsiku lomwelo. Mwayi wotenga HIV pobayidwa ndi singano yotere ndi wochepa, pafupifupi anthu atatu mwa 1,000, koma palibe chifukwa chodikira kuti muone ngati ndinu mmodzi mwa atatuwo. PEP yomweyi imaperekedwanso kwa amene wagwiriridwa kapena amene kondomu yamuphulikira.

Alembi ndi asungichuma a makalabu, pamsonkhano wotsatira kambiranani zokhala ndi kabokosi ka chithandizo choyamba kamene kazipita nanu kumpira kulikonse. Muikemo mapeya angapo a magolovesi, sopo, pulasitala, nsalu zochapa bwino ndi kabotolo ka JIK. Funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, aja timati a HSA, kuti adzakuonetseni kavalidwe ndi kavulidwe kake, ndipo membala aliyense ayeseze yekha kawiri iwo akuona.